Kamatidwe ka Denga Lothonya: Phunziro la Mwezi Uno

Mvula yoyamba ikagwa mu mzinda wa Blantyre, kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, m'nyumba zambiri za ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri anthu sagona tulo. Amayi amadzuka pakati pa usiku kutchera mabeseni ndi mapoto, abambo amakoka mphasa ndi matumba a chimanga kuchotsa pamene pali kudontha, ndipo kukacha wina amakwera padenga ndi chitini cha phula. Mvula yachiwiri ikabwera, madzi amalowanso pomwe paja. Phunziro ili lili kulongosola chifukwa chake ntchito yotere imalephera, ndi mmene denga liyenera kumatidwira kuti likhale zaka zambiri. Zitsanzo zake zatengedwa m'tauni, koma nkhaniyi ikhudzanso anthu a kumidzi, pakuti masiku ano mlimi akagulitsa fodya, soya kapena nandolo, chinthu choyamba chimene amaganizira ndi malata. Ndiponso ambiri ali ndi ana kapena abale amene amachita lendi nyumba kapena kugulitsa katundu m'kontena ku Blantyre komweko.

Choyamba munthu ayenera kudziwa kuchuluka kwa madzi amene denga limasenza. Ku mbali zokwera za Blantyre kumagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 pa chaka, ndipo yambiri imagwa kuyambira Novembala kufikira Epulo. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndiye lita imodzi ya madzi. Chotero nyumba ya mamita 8 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi imalandira malita 40,000 pa chaka, ndizo ndowa 2,000 za malita 20. Madzi onsewa amayenda pamwamba pa mitu ya anthu ogona, ndipo akapeza kabowo konga ka singano, amalowa.

Polowera Madzi

Lata labwino silithonya pakati pake. Madzi amalowera pa misomali, polumikizana malata awiri, pamsonga pa denga, ndi pamene denga likumana ndi khoma. Munthu wofuna kumata denga akayang'ana malo anayi amenewa, wapeza kale matenda ambiri a nyumba yake.

Misomali ndiyo imayamba. Lata limakula likatenthedwa ndi dzuwa ndipo limabwerera kukazizira. Lata la mafiti 10 lingathe kutalika pafupifupi milimita imodzi ndi theka kuchokera m'bandakucha kufikira masana a mwezi wa Okutobala. Ndilo phokoso la kuthetheka limene anthu amamva padenga dzuwa likamakwera. Kuyenda kumeneku nkochepa, koma kumachitika tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, ndipo kumakulitsa bowo la msomali ndi kuusolola pang'onopang'ono m'thabwa. Ngati thabwalo linakhomedwa lili laliwisi, monga zimachitikira ndi mitengo ya bulugamu yogulidwa mofulumira, likauma limaleka kugwira msomali.

Palinso kulakwa kwa amisiri ena. Lata lili ndi misana ndi makwawa. Madzi amayenda m'makwawa, chotero msomali uyenera kukhomedwa pamsana. Msomali wokhomedwa m'khwawa uli ngati chitsime chokumbidwa pakati pa mtsinje. Kukhoma mopitirira muyeso nakonso nkoipa: msana umaphwanyika, ndipo pozungulira mutu wa msomali pamakhala kadzenje kosunga madzi. Malata ogulidwa akale, amene ali ambiri pa misika ya m'tauni chifukwa ndi otsika mtengo, amabwera ndi mabowo awo a misomali yakale, ndipo mabowo onsewo ayenera kutsekedwa lata lisanakwere padenga.

Polumikizana malata nkhani yake ndi ina. Anthu ambiri amakhulupirira kuti madzi sangakwere phiri, koma pakati pa malata awiri othinana madzi amakwera ndithu, monga parafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi. Mphepo nayo imawakankhira m'mwamba, makamaka pa nyumba zomangidwa m'mapiri a Ndirande, Bangwe, Soche ndi Michiru, kumene mvula imagwa chopendekera. Chifukwa chake lata la pamwamba liyenera kuphimba la pansi masentimita 15, ndiwo mainchesi 6, kapena kupitirira, ndipo m'mbali liphimbe msana umodzi ndi theka. Denga likakhala logona, losatsetsereka kwambiri, kuphimbako kuyenera kufika masentimita 20 kapena 30. Mwini nyumba amene anauza mmisiri kuti atambasule malata kuti asagule lata limodzi lowonjezera, amalipira lata limenelo kangapo ndi ufa wonyowa.

Pamsonga pa denga pamakhala lata lopinda limene amisiri amalitcha riji. Likakhala lalifupi m'mbali, mphepo imalowetsa madzi pansi pake. Amisiri odziwa ntchito amapinda m'mwamba mapeto a makwawa a malata, pansi pa rijiyo, kuti madzi obwerera m'mbuyo apeze chotchinga.

Malo achinayi avuta kwambiri masiku ano chifukwa cha nyumba zobisa denga kuseri kwa khoma, zimene zikuchuluka ku Machinjiri ndi madera ena atsopano. Nyumba zotere zimaoneka bwino munthu akaima pamsewu, koma madzi onse amathera mu ngalande imodzi ya m'mbali mwa khoma. Ngalandeyo ikadzaza masamba a mango kapena majumbo ouluka ndi mphepo, madzi amasefukira m'nyumba. Simenti yopakidwa pamene lata likhudza khoma simatha chaka, pakuti lata limayenda pamene khoma liri chilili. Pamenepo pafunika chidutswa cha lata chopindidwa, mbali ina yolowetsedwa m'mzere wa njerwa, ina yogona pamwamba pa malata osakhomedwa molimba. Amisiri osula ndowa ndi mbaula pa msika wa Ndirande angathe kupinda chidutswa chotere munthu akawapatsa muyeso.

Kafufuzidwe Kake

Pamene madzi ali kudonthera si pamene alowera. Madzi akalowa pa msomali amatsata kunsi kwa lata kapena thabwa, ndipo angathe kukagwa mita imodzi kapena ziwiri kumunsi. Nchifukwa chake anthu ambiri amamata malo abwinobwino, nasiya bowo lenileni lili chiyasamire.

Ntchito yofufuza iyambe mvula ili kugwa. Mwini nyumba atenge tochi, atsate madziwo kukwera nawo kufikira pamene thabwa liyamba kunyowa, nalembepo ndi choko kapena khala. Asakwere padenga tsiku limenelo. Nyumba yopanda siling'i ili ndi mwayi wina: masana dzuwa lili pamutu, munthu akatseka zitseko ndi mazenera, mabowo amaoneka ngati nyenyezi. Pa bowo lililonse alowetse kaudzu kapena kawaya kuti akaone ali pamwamba. Polumikizana malata sipaonetsa kuwala, chotero pamafunika anthu awiri, wina padenga ndi kheni yothirira ndiwo zamasamba, wina m'nyumba. Wothirayo ayambire kumunsi, athire mzere umodzi, adikire, kenaka akwere pang'ono. Akayambira pamsonga denga lonse linyowa nthawi imodzi ndipo sadziwa kanthu.

Pali madontho ena amene si a mvula konse. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, nthunzi ya mphika ndi mpweya wa anthu ogona zimakhudza lata lozizira nizisanduka madzi, amene amagwa m'mamawa kunja kulibe mtambo. Denga lotere silifuna phula. Lifuna mpata woti mphepo ipite pakati pa khoma ndi malata.

Nthawi Yake ndi Kukonza Malo

Phula, penti kapena chomatira china chilichonse sichigwira pa lata lonyowa, la fumbi, la mwaye kapena la dzimbiri. Apa ndipo pagona nkhani yonse. Munthu wopaka phula m'mawa wa tsiku lotsatana ndi mvula amatsekera chinyezi pansi pa phulalo, ndipo dzimbiri limapitiriza kudya lata mobisika. Pakutha miyezi ingapo chigambacho chimatukuka ngati nkhanambo, ndipo bowo lakula kuposa kale.

Ku Blantyre nthawi yabwino ndi kuyambira Ogasiti kufikira pakati pa Okutobala. Juni ndi Julayi ndi miyezi ya chilimwe ndithu, koma kumabwera chiperoni, mvula yowaza ija ya nkhungu yochokera ku mbali ya Mozambique, imene ingathe kunyowetsa denga masiku angapo. Ntchito iyambe m'mawa mame atauma, ndipo ileke dzuwa lisanafike pamutu, pakuti lata la mu Okutobala limaotcha mapazi ndipo penti imauma pamwamba pokha isanagwire.

Denga lisesedwe lonse, ndipo miyala, matayala ndi nkhuni zimene anthu amasanjika pamwamba zitsitsidwe. Pansi pa mwala uliwonse pamasonkhana dothi losunga chinyezi, ndipo ndi pomwepo lata limaboola msanga. Malo ofuna kumata akwechedwe ndi burashi ya waya kapena sandipepa kufikira dzimbiri lonse litachoka, kupitirira bowo masentimita 5 mbali zonse. Koma pamene lata likadali loyera asakwechepo kwambiri, chifukwa kuyerako ndi chikuto cha zinki chimene chimaletsa dzimbiri. Atatero apukute ndi nsanza youma, napake penti yofiira yoletsa dzimbiri pamene chitsulo chaonekera, nailola kuti iume.

Kamatidwe

Msomali wosoloka usamenyedwenso ndi hamala kubwerera m'bowo lake, pakuti usolokanso. Uzulidwe, munthu atatsamiritsa hamala pa kathabwa kuti asaphwanye lata, ndipo m'malo mwake mulowe msomali wotalikirapo wopota, wokhala ndi washala wa mphira pansi pa mutu. Amene alibe ndalama za mawashala angathe kudula tizidutswa ta chubu chakale cha galimoto. Mphira ya patapata imene ena amagwiritsa ntchito imafumbutuka msanga ndi dzuwa. Thabwa likapezeka lofumbwa kapena lodyedwa ndi chiswe, palibe msomali umene ungagwire, ndipo liyenera kusinthidwa.

Mabowo ang'ono a misomali yakale amatsekedwa ndi chomatira cha m'chubu chimene chimagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira ku Limbe ndi ku Blantyre. Apa wogula achenjere. Silikoni ina imanunkha ngati viniga, ndipo imeneyo imadya zinki ya lata. Afunse yosanunkha viniga, yolembedwa kuti ndi ya padenga. Palinso tepi ya phula yokhala ndi nkhope yonyezimira ya aluminiyamu, imene imadulidwa ndi sizasi ndi kumatidwa pa lata lofunda ndi dzuwa. Iyenera kukanikizidwa bwino m'makwawa monse ndi chogwirira cha supuni kapena kamtengo kosalala, kuti pasatsale mpata wa mpweya.

Pa ming'alu ndi malo a tizibowo tambiri, njira yabwino ndi ya nsalu ndi penti yoletsa madzi. Munthu amapaka penti yokhuthala, nayala nsalu yake pentiyo ikadali yaiwisi, naikanikiza ndi burashi kufikira itamwa penti, kenaka napakanso kawiri pamwamba, kudikira kuti iume pakati pake. Nsaluyo ndiyo imapatsa chigamba mphamvu yoyenda pamodzi ndi lata popanda kung'ambika. Njira imeneyi si yachilendo. Akale ankaviika chidutswa cha chiguduli m'phula kapena mu penti yotsala, ndipo chigamba chotere chinkakhalitsa kuposa phula lokha. Phula likasiyidwa poyera limauma ndi dzuwa ndi kusweka, chotero nkwabwino kulipaka penti yonyezimira pamwamba.

Bowo lolowa chala kapena loposa pamenepo lifuna chigamba cha lata la mizere yofanana. Chigambacho chilowe pansi pa lata la kumtunda ngati kungatheke, kuti madzi adutse pamwamba pake. Ndipo lata limene dzimbiri lalidya kufikira kuti limabooka munthu akalikanda ndi msomali latha ntchito. Kuligula phula nkutaya ndalama. Pogula latsopano munthu akumbukire kuti nambala ya geji ikakwera lata limapyapyala: la geji 28 nlochindikala kuposa la 30, ndipo la 32 nlopyapyala koposa onsewa.

Mankhwala ena otchuka m'makwalala ayenera kutchulidwa kuti anthu awapewe. Sopo wotsekera pabowo amasungunuka ndi mvula yomwe. Jumbo losungunula pamoto limagwira sabata zochepa. Ena amasungunula m'petulo zoyera zopepuka zija zotetezera wailesi m'katoni, ndipo phala lake limatsekadi bowo, koma limauma gwa ngati galasi, nilisweka lata likayamba kuyenda. Kuonjezera apo petulo pafupi ndi mbaula, m'nyumba zothinana ngati za ku Ndirande, angathe kuotcha mzere wonse. Phula lotenthetsa pamoto nalonso nloopsa, pakuti dontho la madzi likagweramo limathovukira kumaso. Phula la m'chitini lopaka lozizira lilipo ndipo ndi lokwanira.

Makontena ndi Makalavani

M'mbali mwa misewu ya m'tauni muli makontena ambiri osandutsidwa magolosale, malo ometera ndi mosungira simenti kapena feteleza. Kontena inapangidwa kuti iyende pa sitima ya pamadzi, ndipo chitsulo chake nchochindikala kuposa lata, koma denga lake nlogona. Mphamvu yake ili m'ngodya zinayi. Anthu akamayenda pamwamba kapena kusanjikapo katundu, denga limabonyoka, madzi amaima m'mabonyomo, ndipo dzimbiri limaboola. Mankhwala oyamba ndi kuikhazika pa njerwa kapena simenti mbali imodzi itakwera masentimita ochepa, kuti madzi apeze kolowera. Pobooka pakwechedwe, wowotcherera aikepo chigamba katundu yense atatulutsidwa, kenaka papakidwe penti yoletsa dzimbiri. Mphira ya m'mbali mwa zitseko iyang'anidwenso, ndi pamwamba pa zenera limene linachita kudulidwa, pakuti pamenepo pafunika kalata kotchinga madzi. Wamalonda amene angathe, amange denga lachiwiri la malata pamwamba pa kontena, lomangirira m'ngodya ndi m'mphepete osaboola pakati. Denga lotere limaletsa madzi ndiponso limachepetsa kutentha kumene kumaononga katundu.

Kalavani, nyumba yokokedwa ndi galimoto imene amagonamo anthu a ntchito za misewu ndi alendo ena apaulendo, ili ndi vuto lake. Khungu lake ndi aluminiyamu wopyapyala kapena pulasitiki yolimba, ndipo m'kati mwa makoma a makalavani ambiri muli matabwa. Poyenda m'misewu ya mabampu thupi lonse limapindika, chotero polumikizana ponse, m'mphepete mwa denga, pozungulira kazenera ka pamwamba ndi polowera mpweya, pamafunika chomatira chosauma gwa, chokhala chofewa zaka zambiri. Chomatira chakale chichotsedwe ndi kathabwa kapena pulasitiki, osati mpeni, ndipo chitsulo cha m'mphepete chimasulidwe kuti chatsopanocho chilowe pansi pake. Kupaka pamwamba pokha sikuthandiza. Makalavani ena ali ndi denga la mphira, ndipo pa denga lotere phula, petulo ndi parafini siziyenera kukhudzapo chifukwa zimatupitsa mphirayo. Madzi a m'kalavani saoneka msanga. Amayamba aoletsa matabwa a m'khoma, ndipo chizindikiro chake ndi fungo la nkhungu ndi khoma lofewa polisindikiza ndi chala. Nchifukwa chake iyenera kuyang'anidwa mvula isanayambe ndiponso itangotha.

Zimene Madzi Amaononga

Dontho la padenga silithera m'beseni. Chimanga ndi mtedza zikanyowa m'thumba zimachita chuku, ndipo chuku china chili ndi poizoni wotchedwa aflatoksini amene amaononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Kuphika sikumuchotsa. Simenti ikanyowa imasanduka mwala, feteleza amaundana, ndipo madzi otsata waya wa magetsi angathe kupha munthu.

Choopsa koposa chili pa makoma. Nyumba zambiri za m'madera amenewa ndi za zidina kapena njerwa zomangidwa ndi dothi. Madzi akamalowa pamwamba pa khoma lotere, limafewa kuchokera m'kati. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Kumata denga sikungaletse ngozi ya mtundu umenewo, ndipo malo otsetsereka otere sayenera kumangidwapo. Koma kutali ndi matopewo nyumba zinanso zambiri zinagwa chifukwa makoma anakhuta madzi. Chotero pokonza denga munthu aonenso kuti malata atuluka kunja kwa khoma masentimita 45 kapena 60, ndi kuti pansi pali ngalande yochotsa madzi pa maziko. Denga limangiriridwe ku khoma ndi waya wolimba m'malo mwa miyala ija.

Wokhala m'nyumba ya lendi asadikire Disembala. Auze mwini nyumba mu Ogasiti, amuonetse malo olembedwa choko, ndipo akagwirizana kuti wa lendiyo agule zipangizo ndi kuchotsera pa lendi, alembe pa pepala pamaso pa mboni ndi kusunga malisiti. Milandu yambiri yotere imafika kwa amfumu chifukwa anthu anapangana pakamwa pokha.

Wokwera padenga aponde pa mzere wa misomali, pamene pansi pali thabwa, kapena ayale thabwa lalitali loyendapo. Avale nsapato za mphira, ndipo wina agwire makwerero. Ngati waya wa ESCOM ukudutsa pafupi ndi denga, asaufike ndi dzanja kapena ndi lata, chifukwa kuzimitsa magetsi m'nyumba sikuzimitsa waya wochokera pa mtengo. Chizolowezi chotuma mwana pamwamba poti ndi wopepuka nchoipa. Nyumba zina zakale za m'tauni zinafoleredwa ndi asibesitosi, wotuwa ngati simenti. Ameneyu amasweka munthu akapondapo, ndipo fumbi lake limadwalitsa mapapo, chotero sayenera kukwechedwa ndi burashi ya waya kapena kuchekedwa.

Ntchito ikatha, zigamba zipatsidwe masiku awiri kapena atatu kuti ziume, kenaka anthu awiri aja abwereze kuthira madzi ndi kheni, kuyambira kumunsi kukwera kumsonga. Zizindikiro za choko zisafufutidwe kufikira mvula yaikulu itagwa kawiri kapena katatu, ndipo pamene padonthanso palembedwe ndi khala kuti pasiyane ndi pakale.